Mbale Yobooka Pakati

Lachitatu, 16 Seputembala 1970, kwathu kwa Nsamala.

Masana ano ndinali kupeta nandolo kuseli kwa nkhokwe pamene amjomba, Che Jafali, anadzaima pambali panga. Anati akambirana kale ndi amayi, ndipo ndibwerere ku Halale pa sitima ya Lolemba kuti ndikafune achimwene, ulendo uno ndikafune ndi mtima wonse. Ndalama za tikiti zichokera pa zimene ndasungira sukulu. Ndinapitiriza kupeta mpaka nandolo wina anayamba kugwera pansi, nkhuku n'kuthamangira. Iwo anati yankho alimva mawa m'mawa, ngakhale ndikudziwa kuti sanali kufunsa. Ndafika Loweruka lapitali. Bokosi langa sindinatulutsemo zonse.

Ulendo woyamba unagamulidwanso chomwechi, akuluakulu akulankhula, ine maso pansi. Ndinali mu Sitandade 7. Abambo, amene ankagula nsomba zouma ku Chiuta n'kumagulitsa pa siteshoni ya Balaka, anali atamwalira chaka chimenecho, ndipo fizi inayamba kuvuta. Amjomba ankaphikira mzungu wina ku Zomba. Mzunguyo anali kusamukira ku Halale, m'dziko la Rodeshiya, ndi banja lake, ndipo mkazi wake, Dona, ankafuna mtsikana wolera khanda. Pangano linali lomveka bwino: ndikagwire zaka ziwiri, ndizitumiza kangachepe kwathu, zina ndizisunga, ndikabwera ndidzamalize sukulu. Ndinavomera ndi mutu wokha chifukwa cha mawu otsirizawo.

Amayi anali ndi pangano lawolawo. Achimwene anga Twaibu anapita ku Halale ine ndili wamng'ono, ndisanayambe n'komwe kusinja. Analemba makalata chaka choyamba, kenaka zii. Pamudzi anthu anayamba kuwatchula kuti mtchona, koma osati amayi akumva. Tsiku lonyamuka, pa siteshoni, amayi anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zawo zinasiya mizere.

"Usadzabwere wekha, Patuma. Udzabwere ndi m'bale wako."

Za ine anangonena kuti ndizimvera Dona.

Ku Halale ndinkagona m'kachipinda kuseli kwa galaja. M'miyezi yachisanu simenti inkalowetsa kuzizira m'mafupa, ndipo ndinkafunda chitenje pamwamba pa bulangeti. Atsikana a nyumba zoyandikana ankalankhula Chishona, ife a ku Malawi n'kumatitcha Mabulandaya. Sanali oipa mtima, koma ndikayesa chilankhulo chawo ankaseka, choncho ndinasiya kuyesa. Panali masiku amene kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa ndinkangolankhula ndi khanda basi. Mwezi ukatha ndinkapita ku positi kukatumiza gawo la amayi, gawo la sukulu n'kulimanga m'kansalu. Makalata akwathu ankalemba msuwani wanga Asiyatu, popeza amayi sadziwa kulemba. Akatha moni uja wa masiku onse, zotsala zonse zinali za achimwene. Kodi wawaona? Kodi wafunsa ku mzikiti? Uwauze kuti mtengo wa mango umene anabzala wayamba kubereka.

Ndinafunafuna ndithu, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake. Lamulungu masana, nthawi yanga yokhayo yopuma, ndinkakwera basi kupita kumalokeshoni kumene a kwathu amasonkhana. Munthu wamanyazi ngati ine, ndinkaima pamaso pa abambo osawadziwa n'kutchula dzina la achimwene. Wina anati anamuona ku Bulawayo. Wina anati ali ku mafamu a fodya ndipo anasintha dzina. Wina anati anatsikira ku Joni kalekale. Mkulu wina wa ku Mangochi, wosoka zovala pakhonde la sitolo, anandipatsa mpando, nandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mwanawe, munthu wofuna kupezeka amapezeka." Mawu amenewa sindinawalembe m'kalata. Ndinkangolemba kuti ndikufunabe.

Mbale ya nyimbo imene yandiika m'mavutowa ndinaidziwa chifukwa cha kusita. Dona anali ndi mwana wamkulu, mnyamata dzina lake Kolini, amene anali ndi mulu wa mbale za nyimbo ndi wailesi ya mbale yokhala ndi mabokosi awiri a mawu. Ankakonda kwambiri gulu lina la azungu, lotchuka moti nyimbo zake ndinali nditazimvapo ngakhale kuno, pa wailesi ya m'sitolo ku Balaka. Mbale zawo anali nazo zonse ndipo ankazipukuta ndi kansalu kofewa. Koma imodzi ankaisiya pansi pa zinzake, ndipo pa chikuto chake panali chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi. Anzake akabwera n'kuitulutsa, onse ankaseka. Ndi Chingelezi changa chochepa ndinamva kuti akuti oimbawo anasokonezeka mitu chaka chimenecho, anafuna kutengera anzawo, ndipo ngakhale eni akewo safunanso kuikumbukira.

Masana ena Dona atapita kokasewera mpira wa tenesi, khanda lili mtulo, ndinkasita malaya m'chipinda chochezera. Nyumba inali zii moti ndinkamva mtima wanga. Ndinali nditaona mmene Kolini amaikira singano. Ndinasankha mbale yapansi ija chifukwa ndinaganiza kuti ndikaikanda palibe adzadandaule.

Sinayambe ngati nyimbo. Kunamveka kulira ngati wina wamenya chivundikiro cha poto pansi pa madzi, kenaka kaphokoso kobwerera m'mbuyo, ngati munthu akukoka mpweya pakati pa mano. Ndinaganiza kuti ndawononga makina, ndipo ndinatsala pang'ono kuzimitsa. Ndiye kunalowa limba, pang'onopang'ono, likugwedezeka monga mmene njanji ya ku Balaka imaonekera masana a Okutobala, ikamavina ndi kutentha. Munthu anayamba kuimba m'bokosi la kumanzere, anzake n'kumuyankha m'bokosi la kumanja, ngati amayi akuitanizana tsidya ndi tsidya la mtsinje. Ndinaima pakati pa mabokosi awiriwo, simbi ili m'manja, mpaka ndinamva fungo la kolala ya Bwana ikuyamba kupsa.

Kuyambira tsiku limenelo, Dona akangotuluka, ndinkaiika. Ndinaidziwa yonse ngati njira ya kudambo. Nyimbo yachitatu inali ndi choimbira cha zingwe cholira mwa nthetemya, chofanana pang'ono ndi bangwe, chofanananso ndi nyimbo zotuluka m'masitolo a Amwenye ku Limbe. Ina inkayamba mwansangala, ya anthu oguba, koma pakati inkagwa ngati munthu waponda dzenje, n'kutsala ng'oma yokha ikupuma. Mawu ambiri sindinkawamva. Ndinkatola amodziamodzi, la mtundu wobiriwira, la mvula, lina lotanthauza kuti pang'onopang'ono. Koma kaphokoso kobwerera m'mbuyo kaja ndi kamene kankandigwira. Ndinadzamva Kolini akuuza mnzake monyoza kuti anajambula nyimbo n'kuiyendetsa chobwerera. Iye ankati ndi masewera a ana. Ine ndikakamva ndinkaona madzi otayika akukwera okha kubwerera mu mtsuko, sitima ikuyenda chafutambuyo kuchoka ku Halale mpaka ku Balaka, anthu onse amene anapita akutsika mmodzimmodzi.

Mbali yachiwiri ndiyo inali yokoma koposa. Inkathera pa nyimbo yaitali kwambiri, imene Kolini sanaimvepo mpaka kumapeto. Mumamveka ana akuseka chapatali, belu, zoimbira zambirimbiri zikukangana ngati pamsika, kenaka zonse zimachoka chimodzichimodzi n'kutsala munthu mmodzi akuimba motsitsa, ngati akudziimbira yekha akusoka. Nyimbo zawo zotchuka zija n'zabwino, sindikukana, zimakuuza kuti dzuka uvine. Koma iyi inali ya munthu amene wakhala yekha m'chipinda cha eni ake. Ndikanakhala wolimba mtima ndikanamuuza Kolini kuti anthu aja sanasokonezeke, anangoimba zimene iye sanazisowepo.

Kolini atapita ku sukulu yogonera komweko, Dona anasesa m'chipinda chake. Mbale zabwino anaziika m'kabati, iyi anaiponya m'bokosi la zotaya pamodzi ndi magazini akale. Ndinaima pakhomo n'kuipempha motsitsa mawu. Dona anangokweza mapewa. Wophika wa pa nyumbapo, bambo wa ku Nkhotakota wokonda nthabwala, anaitenga n'kusuzumira pa kabowo ka pakati.

"Anzako akamapita kwawo amanyamula mbale zodyera. Iwe yako yobooka pakati, msuzi udzathera pamiyendo."

Ndinaseka nawo. Inali nthabwala yabwino nthawi imeneyo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamuuza za mbaleyi, Asiyatu, pa kapepala kapadera kosawerengera amayi. Anayankha kuti ndidzabwere nayo ndithu, ndipo ndidzamudziwitse kuti akapemphe kwa Mayi Chikopa, aphunzitsi athu akale a ku Balaka, amene ali ndi kawailesi ka mbale koyendera mabatire. Sindinadziwe kuti nditatsala pang'ono kubwerera, Asiyatu anakwatiwa n'kupita ku Chiuta. Zaka ziwiri zitakwana ndinapita ku positi kukatumiza telegalamu. Kalaliki anati ndalama imene ndapereka ikulola mawu ena awiri. Ndinaganiza za Asiyatu, ndipo ndinawonjezera mawu awiri omuseketsa. Telegalamu imalembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, yopanda tizizindikiro. Inafika m'manja mwa amjomba.

Sitima inalowa m'Balaka Loweruka masana. Ndili pawindo ndinaona anthu a kwathu ambiri, oposa amene anandiperekeza. Amjomba anali mu mkanjo woyera ndi kofia, amayi mu chitenje chatsopano. Azimayi anayamba kululutira ndisanatsike. Mtima wanga unadzaza, ndinaganiza kuti kani anandisowa chotere. Ndinatsika ndi bokosi langa, ndinagwada kupereka moni. Amayi anandigwira dzanja, koma maso awo anali pa khomo la sitima kumbuyo kwanga. Anatsika bambo wa nkhuku m'dengu, anatsika mayi wa mwana kumsana, anatsika msilikali. Khomo linatsekedwa. Nthungululu zinayamba kuzima imodziimodzi.

"Watsikira mbali inayo?" anafunsa amayi.

"Ndani, amayi?"

Amjomba anatulutsa kapepala m'thumba, nakatambasula, nawerenga mokweza kuti onse amve: NDIFIKA LOWERUKA PA SITIMA NDI MBALE. Anawerenga kuti m'bale, monga mmene anawerengera tsiku limene inafika, pamaso pa amayi ndi mudzi wonse. Ndani akanawerenga mwina? Amayi anali atandiuza ndi pakamwa pawo chimene ndidzabwere nacho.

Ndinagwada pomwepo pa siteshoni, ndinamasula chingwe cha bokosi, ndinatulutsa chinthucho pakati pa madiresi anga n'kuchinyamula m'mwamba. Chikuto chake n'chamitundumitundu, ngati chitenje chasuluka m'madzi, ndipo pali azungu a tsitsi lofika m'mapewa ataima pakati pa maluwa ndi utsi. Anthu anayang'ana. Wina kumbuyo anaseka kamodzi n'kudzigwira pakamwa. Amayi anasiya dzanja langa. Sanalire pamenepo. Anangotembenuka n'kuyamba kuyenda, sitima isananyamuke n'komwe.

Njira yonse ya kumudzi bokosi ndinasenza ndekha. Kunyumba mbuzi inali itaphedwa kale, mpunga utaphikidwa, ashehe ataitanidwa kudzachita duwa, pemphero lothokoza. Chakudya sichitayidwa, choncho anthu anadya, mwakachetechete ngati pa sadaka ya maliro, n'kumabalalika msanga. Gowelo la achimwene, limene linali litagwa denga pamene ndinkachoka, ndinalipeza lofoleredwa udzu watsopano, pansi pozira bwino, mphasa yatsopano itayalidwa. Zonsezi anazichita sabata imodzi. Mphasa yanga ndi yomwe ija ndinaisiya, yodyedwa ndi chiswe kumapazi.

Lamulungu amjomba anatulutsa galamafoni yawo yopukusa ndi dzanja, imene anapatsidwa ndi bwana wawo wakale, naiika pa mpando pabwalo. Anati tiimve mbale imene yatidyera mbuzi. Ndinayesa kunena kuti si ya makina amenewo, imafuna kuzungulira pang'onopang'ono ndi singano yopepuka. Mawu anga anatuluka aang'ono. Iwo anati galamafoni akhala akuipukusa ine ndisanabadwe. Anaika singano yachitsulo yatsopano, napukusa mpaka chogwirira chinalimba.

Limba lija linalira ngati mluzu. Amuna aja anaimba ngati ana a mbewa ali m'msampha. Kaphokoso kobwerera m'mbuyo sikanamveke n'komwe, kanamezedwa ndi kukhwekhwereza. Ana anagwa pansi ndi phwete, ena n'kuyamba kuvina motsanzira nkhuku yodulidwa mutu. Ine ndinali kuyang'ana singano. Kumbuyo kwake kunkatuluka tifumbi takuda ngati mwaye, ndipo pamene yadutsa pankasanduka potuwa. Amjomba anailola kufika pafupi ndi pakati asanainyamule.

"Zimenezi ndi zimene unkamvera m'malo mofuna m'bale wako?"

Anandibwezera atagwira ndi zala ziwiri. Anatinso chikutocho chiotchedwe, chifukwa achinyamata a chipani akadzabwera kudzaona makhadi n'kupeza zithunzi za amuna a tsitsi ngati akazi, adzafunsa mafunso amene iwo alibe nawo mayankho. Mbali yoyamba yatha. Ndaiyang'ana padzuwa, mizere yake yaphwasuka ngati munda wodutsamo ng'ombe. Mbali yachiwiri sanaitembenuze.

Chikuto sichinaotchedwe. Dzana ndinapeza amayi atakhala pamthunzi wa mango aja, atachiika pamaondo. Anali asanandilankhule chilichonse choposa za madzi ndi nkhuni. Ndinafuna kubwerera, koma anandikodola. Anaika chala pa mzungu wa kumapeto, amene theka la nkhope yake labisika m'maluwa, mutu atapendeketsa.

"Uyu waima ngati Twaibu. Ona khosi lakelo."

Ndinayang'ana. Anali mzungu wa ndevu ndi malaya a maluwa. Nkhope ya achimwene sindiikumbukira bwino, choncho ndinati eya, afanana. Amayi anasisita pepalalo ndi chikhatho, pamwamba pa chizindikiro cha kapu ya tiyi chija. Anafunsa ngati kumeneko anthu amadya mokwana, ngati kumazizira monga amanenera. Ndinati kumazizira kwambiri, simenti imalowa m'mafupa. Iwo anati ndiye mwana wawo akuvutika, popeza anachoka ndi jekete imodzi. Ndinadikira pang'ono. Sanafunse china. Anakaika chikutocho m'sutikesi yawo pansi pa nsalu, kumene amjomba sangagwireko.

Sindikuwada amayi. Ndikulemba zimenezi mosamala chifukwa sindikufuna kuti mawa ndidzaziwerenge n'kupeza bodza. Sabata yathunthu anali ndi mwana wawo wamwamuna, anamufolerera nyumba, anamuphera mbuzi, ndipo ndine ndinawalanda pa siteshoni anthu akuona. Koma zaka ziwiri ndinkaganiza kuti kwathu kuli malo anga amene akundidikira, ndipo ndi zimene zinkandidzutsa m'mawa m'kachipinda kaja. Ndabwera ndapeza malo alipodi, osesedwa, ozira bwino, koma ndi a munthu amene safuna kupezeka. Malata awiri a pa khitchini, chitenje chatsopano cha amayi, ngakhale mbuzi imene ija, zonse zinachokera m'manja anga otupa ndi sopo. Palibe wazitchula. Wotumiza mwezi ndi mwezi amazoloweredwa ngati mvula ya Januwale.

Amjomba akuti ndawachititsa manyazi, ndipo manyaziwo achoka pokhapokha ndikatsike sitima ndi Twaibu weniweni. Ndikudziwa mmene zidzathere. Ndidzabwerera kwa Dona kapena kwa dona wina, ndidzaimanso pamaso pa abambo achilendo Lamulungu lililonse, ndalama za sukulu zidzathera m'matikiti, ndipo pakapita zaka anthu adzayamba kunditchula ndi dzina lija amatchulira achimwene. Kapena sadzanditchula n'komwe.

Nditatha kupeta ndinatsala kuseli kwa nkhokwe n'kuyeserera liwu limodzi. Iyayi. Poyamba linatuluka ngati mpweya chabe. Ndinabwereza mpaka nkhuku inadzutsa mutu. Sindinawakanirepo amjomba chibadwire, ndipo ndikudziwa kuti mawu anga adzanjenjemera, mwina ndidzalira, koma liwulo ndi lalifupi, ndikhoza kulimaliza misozi isanafike.

Mawa ndikatunga madzi ndi kusesa, ndidzagwada pamaso pa amjomba n'kuwauza. Kenaka ndidzamanga kansalu ka ndalama m'chiuno, ndidzakulunga mbale yanga m'chitenje popeza ilibenso chikuto, n'kuyenda wapansi mpaka ku Balaka kwa Mayi Chikopa. Ndikawapempha kuti andilembe m'kaundula wa sukulu, ngakhale ndikakhale wamtali kuposa onse m'kalasi. Akavomera kapena akakana, ndikawapemphanso chinthu chachiwiri, kuti andibwereke kawailesi kawo kwa kanthawi, ndikhale pakhonde ndimvere nyimbo yaitali ija mpaka atatsala munthu mmodzi yekha uja. Chikuto ndiwasiyira amayi. Mbali yachiwiri ndi yanga.